Bakha wa Kumapeto kwa Mzere

Anthu a kumapiri amatiseka tikamati kuchigwa kuno kumazizira. Asiyeni aseke, mano ndi awo. Sanadzukepo m'bandakucha m'nyengo ya mwera m'mbali mwa Shire, nkhungu itagona pamadzi mpaka tsidya lija osaoneka, nsalu yako imodzi yomweyo itanyowa ndi mame ngati wagwa nayo m'chithaphwi. Nyengo imeneyo madzi amakhala ataphwera, mchenga utatulukira pakati pa dambo, ndipo abakha akuthengo amabwera osawerengeka. Amadutsa pamwamba pa mudzi akuliza timiluzu tawo, iwe osawaona, kungomva mawu okha akuyenda m'nkhungumo. Mpaka lero ndikamva mluzu umenewo ndimasiya chimene ndagwira.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali mtsikana wapabanja, ndisanaone mwana, kwathu kwa Malemia. Amuna anga anali Msena wa kutsidya, mkamwini pamudzi pa amayi. Tinangolima limodzi dzinja limodzi, basi anawagwira kuti akanyamule katundu ku nkhondo ya azungu, ija tinkati ya mtengatenga. Anabwerako patapita zaka zitatu. Miyendo inalipo yonse, manja onse, ngakhale dzino silinaguluke. Chimene anasiya kumeneko ndi tulo.

Ndikati sankagona musaganize za munthu wotembenuka pamphasa kudandaula nsikidzi, ayi. Mwambo wathu ndi wakuti mwamuna amagona mbali ya kukhomo, nthungo ili pafupi, mkazi kukhoma, kuti choopsa chikalowa chiyambe chakumana ndi mwamuna. Iwo ankadzigonekadi kukhomoko, koma maso ali gwa. Khoswe akangogwedeza chipande, iwo adzuka kale. Kenaka ankatuluka n'kuyamba kuzungulira nyumba, kukaima kunkhokwe, kukaima kukhola la mbuzi, mpaka tambala kulira. Masana ankayenda ngati munthu wowoloka madzi ofika m'chiuno, khasu likuwapulumuka m'manja. Ukawafunsa chikuvuta n'chiyani, yankho linali limodzi la m'chinenero chawo: “Nkhabe.” Palibe kanthu.

Mudzi sungaone munthu ataima pafupi ndi nkhokwe za eni usiku n'kukhala chete. Anayamba ndi amayi a kudooko, kusiya nkhani ine ndikafika ndi mtsuko. Kenaka mwana wa mnansi wathu anadwala chifuwa, ndipo mawu aja anatuluka poyera, akuti mkamwini uja akutamba. Tinayesa zonse. Mizu yomwa, yofukiza, yotemera. Mphunzitsi wa kutchalitchi anabwera kudzapemphera mpaka mawu kusasa. Amene anagona tulo tabwino ndi mankhwala onsewo ndi ine.

Tsiku lina amalume, mwini mbumba yathu, anandiitanira pansi pa mtengo wa masau. Sanali munthu wankhanza amalume. Ankapota chingwe pantchafu uku akulankhula, osandiyang'ana kumaso.

“Mwana wa mlongo wanga, ine munthu uja ndilibe naye chifukwa. Koma anthu atopa. Mwezi uli kumwambawu ukafa iye akadali kuyendayenda, ndiitana ankhoswe, awoloke abwerere kwawo. Bola apite ndi miyendo yake kusiyana n'kuti anthu amumwetse mwabvi.”

Ndinawomba m'manja n'kunena kuti ndamva, nanga ndikanayankhanso chiyani? Koma nditafika kuseri kwa nyumba ndinaphwanya mphika wabwinobwino, wosalakwa kanthu. Amuna anga ndinkawakonda, ndinene poyera, ndipo ndinali ndi mantha. Mwezi unali utayamba kale kuchepa.

M'masiku omwewo ndi mmene anafika munthu wa bokosi. Anatsika sitima ku Nsanje n'kubwera wapansi, thukuta lili kamukamu m'chisanu chathu chomwecho. Anali wakuda ngati ife, wa kumapiri ku Kabula, wophunzira ku mishoni, jekete la mabatani owala, nsapato kuphazi. Bwana wake, mzungu wokonda mbalame, anali atagwetsedwa ndi malungo, ndiye anatuma iyeyu kuti akamujambulire abakha a kuchigwa. Ankafuna bwato ndi munthu wodziwa dambo. Amuna onse anali kothyola thonje, choncho anamulozera kwathu monyoza: “Pitani kwa uja sagona, nthawi ali nayo yambiri.”

Ine ndinati ndipita nawo kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi ija timaphika njala ikavuta. Linali bodza, chaka chimenecho nkhokwe inali yodzaza. Ndinkaopa kuti munthu wosagona miyezi yonseyo angagwere m'madzi nkhafi ili m'manja.

Katundu wa mlendoyo anali bokosi lamatabwa la diso limodzi, miyendo itatu yopinda, nsalu yakuda, ndi kabokosi kena ka magalasi asanu ndi limodzi. Anatifotokozera kuti galasi lililonse limagwira chithunzi chimodzi chokha, likatha latha, ena ali ku Kabula. Kabokosi kameneko ankakafukata ngati khanda. Ndipo ng'ona ankaziopa, abale inu! Chikuni chilichonse choyandama, iye: “Achimwene, icho n'chiyani?” Ine ndinkamuyankha ndili kumbuyo kwake: “Amenewo ndi apongozi anu, bambo, apatseni moni.”

Masiku awiri oyamba anapita pachabe, koma ndimawakumbukira ngati maloto. Tinkanyamuka nkhungu isanachoke. Bwato linkayenda osadziwika ngati likukhudza madzi, poti kumwamba kunali koyera, pansi koyera, pakati ife atatu. Mitu ya gumbwa inkatulukira mwadzidzidzi pafupi ndi nkhope n'kubwereranso m'nkhungu. Nkhafi ikalowa m'madzi, mawu ake ankamveka ngati akuchokera kwina, kwa anthu ena opalasa bwato lina. Penapake mvuu inkapuma, fuu, osadziwika kuti ili kumanja kapena kumanzere. Nthawi zina ndinkaiwala kumene tikupita, ndipo sindinkadandaula. Ndinkangoyang'ana msana wa amuna anga, mafupa akuyenda pansi pa khungu, n'kumaganiza kuti tikanangopitirira chonchi, osafika kumene kuli mwezi ndi ankhoswe.

Koma abakha sankatidikira. Tikangoyandikira, mlendo n'kuimika miyendo ya bokosi m'matope, onse phaa, m'mwamba, timiluzu tokhatokha. Anawononga magalasi anayi. Madzulo ankadzitsekera m'kanyumba kathu kosungiramo miphika, atatseka ming'alu yonse ndi bulangete, n'kutsuka magalasiwo m'mankhwala onunkha. Atatisonyeza, panalibe bakha ngakhale mmodzi, utsi wokhawokha.

“Bokosili ndi laulesi, mayi,” anatero. “Silithamangitsa chinthu. Limafuna chiime nji, ine nditsegule disoli n'kuwerenga mpaka katatu. Chikasuntha, ndi utsi umenewu.”

“Ndiye kawauzeni abakhawo aime, si inu ophunzira?”

Amuna anga, amene masiku awiri onsewo sanatulutse mawu okwana m'dzanja, analankhula ali chiyang'anire pansi. “Masana amagona. Dzuwa likafika paliwombo, pamchenga wa kuseri kwa gumbwa.” Ndinadabwa kuti munthu wosagona ndiye wodziwa pogona anzake.

Tsiku lachitatu tinalawira abakha ali kodya. Moyang'anizana ndi mchenga uja panali kachilumba kakang'ono, malo okwana mphasa ziwiri. Tinadula bango n'kumanga kampanda kutsogolo, kusiya kabowo ka diso la bokosi. Kumbuyo ndi m'mbali kunali poyera, madzi akunyambita udzu. Popanda wowauza, amuna anga anakakhala kumbali ya madziko, nthungo ili pamiyendo, atafulatira mchenga. Ine ndinakhala pakati, mlendo pafupi ndi bokosi lake. Tinayamba kudikira.

Nkhungu inasungunuka pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba, dzuwa n'kuyamba kutifunditsa m'mapewa. Ine ndinabadwira pamtsinje, koma kufikira tsiku limenelo ndinali ndisanaonererepo mbalame ikugona. Kwa ife mbalame inali ndiwo, apo ayi wakuba mapira. Pamenepo ndinalibe mtondo, ndinalibe mtsuko, ndinali ndi maso okha. Kakowa anaima ndi mwendo umodzi m'madzi osaya, khosi atalipinda mpaka kusowa, mwendo winawo sindikudziwa anaubisa kuti. Nantchengwa anakhala pachitsa ngati munthu woiwala chimene wadzera, chikope chikutsika n'kukweranso. Timbalame tating'ono tinagwira bango ndi zala, mphepo n'kumatipepesula uku ndi uku, ito osagwa, osadzuka. Ndinadzifunsa ngati mbalame imalota, ndipo ikamalota imakhala ikuuluka kapena ikuyenda pansi ngati ife.

Kenaka abakha anayamba kutera, awiriawiri, asanuasanu, nkhope zawo zoyera ngati azipaka ufa. Anakangana pang'ono, kudzikonza nthenga, kumwa madzi, kenaka anandanda m'mphepete mwa mchenga mzere umodzi wautali. Mmodzimmodzi anatembenuza khosi n'kulowetsa mlomo kumsana. Dambo lonse linati zii.

Mlendo anali atalowa kale m'nsalu yake yakuda. Anatulutsa dzanja n'kundikodola. “Mayi, bwerani mudzaone,” ananong'ona.

Ndinalowetsa mutu. Mayo ine! Dziko lonse linali chadodolido pakagalasi. Mchenga unali kumwamba, abakha atalendewera ndi miyendo ngati mileme, thambo lili pansi pawo ngati dziwe lopanda malekezero. Zonse zinali zazing'ono, zofewa, zowala ngati zanyowa. Ndinagwira mwendo wa bokosi kuopa kugwera kumwamba. M'nsalumo munkanunkha fodya ndi mankhwala aja. Mlendo anapotoza kanthu, abakha aja n'kuoneka bwinobwino, nthenga iliyonse payokha.

Ndi mmene ndinaonera. Apakati onse anali atatsinzina. Koma wa kumapeto kwa mzere, ngakhale mlomo unali kumsana ngati anzake, diso lake loyang'ana kumadzi linali lotsegula, kadontho kakuda konyezimira. Ndinatulutsa mutu n'kusuzumira pabango ndi maso anga enieni. Zinali zomwezo, ndipo wa kumapeto enawo nayenso chimodzimodzi.

“Uyo wa kumapeto sakugona,” ndinanong'ona.

“Sangagone,” anayankha amuna anga osatembenuka. “Ali kumapeto.”

Ndinaganiza kuti athera pomwepo monga mwa masiku onse. Koma anapitiriza, mawu ali pansipansi, ngati akuuza madzi.

“Kumene tinapita kuja kunali mapiri ozizira. Tinkagona pamzere chonchi, chiguduli chimodzi anthu awiri. Apakati ankafunda. Ine Msena, wopanda mbale pakati pa anthu a kumtunda, malo anga anali kumapeto, usiku uliwonse. Pambali panga mkati pankagona mnzanga wa kwathu, akudwala m'mimba. Ndinamuuza kuti gona, ine ndikuona. Usiku wina tulo tinandiba. M'mawa chiguduli chinalipo, iye panalibe, mkwekwe wokha kulowa m'tchire. Chilombo chinandilumpha ine n'kutenga iye. Ine ndili mtulo.”

Mlendo uja, munthu wa kumtunda, anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Munthu ndinkagona naye mphasa imodzi miyezi yonseyo, nkhani imeneyi anali nayo pakhosi, ine ndili kalikiliki kumumwetsa mizu.

Tili chikhalire choncho, pamchenga panachitika kanthu. Bakha wa kumapeto uja anasolola mlomo, n'kutambasula mwendo ndi phiko limodzi ngati munthu wodzuka pamaliro. Ndinakhudza amuna anga pachigongono, iwo n'kutembenuka. Bakhayo anayenda monyang'ama kuseri kwa anzake, kupitirira atatu, anayi, asanu, kenaka anadzipanikiza pakati. Anzakewo anang'ung'udza, kusuntha pang'ono, osadzuka n'komwe. Iye analowetsa mlomo kumsana n'kutseka maso onse awiri. Ndipo amene anatsala kumapeto, amene mpaka nthawi imeneyo anali mtulo tofa nato, anatsegula diso la kumadzi.

Amuna anga anangoti, “Haa.” Basi.

Ine manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Chibwerere chawo, ndani ankawayalira mphasa kukhomo usiku uliwonse, n'kuwaikira nthungo pambali, akudzitama kuti ndi mkazi wolangidwa bwino? Ndine ndemwe. Munthu anachoka kumapeto kwa mzere kunkhondo, ine n'kumulandira ndi manja awiri, n'kukamuikanso kumapeto. Abakha, zinthu zopanda ankhoswe, zopanda anamkungwi, amadziwa kulandizana.

“Bambo, patseni nthungoyo.”

“Mkazi sagwira nthungo.”

“Lero agwira. Tasunthani, lowani pakati.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso ofiira aja. Ine sindinaphethire, amene amandidziwa akudziwa kuti ndikauma mutu ngakhale mbuzi imandigonjera. Ndinasolola nthungo pamiyendo pawo n'kukwawira kumbali ya madzi, iwo n'kusendera pamene ndinali ine. Mlendo, Mulungu amudalitse kumene ali, sanafunse kanthu. Anangodzikonza kuti atseke mbali inayo ndi thupi lake, munthu woopa zikuni uja.

“Ine ndikuona kuno, alendowa akuona uko,” ndinatero. “Chofuna inu chiyambe chalumpha ine.”

Anakhala ali tcheru, khosi lili njo. Patapita kanthawi anafunsa, “Mukuona chiyani?”

“Madzi.”

Dzuwa linasendera pang'ono. “Mukuona chiyani?”

“Madzi ndi kakowa.”

Kachitatu anayamba, “Mukuona...” ndipo funsolo silinafike kumapeto. Nditacheuka ndi kona ya diso ndinaona mutu ukutsika, ukutsika, mpaka phewa linakatsamira mwendo wa bokosi. Pakamwa panatseguka pang'ono. Manja, amene chibwerere anali ofumbata ngakhale pakudya, anatambasuka pamiyendo ngati masamba. Ndinalira, koma chamumtima, misozi yokha kutsika, maso ndili nawo pamadzi poti ndinali nditalonjeza.

Mlendo anandikodolanso, nkhope ili yodandaula. “Mayi, atsamira bokosi. Akamapuma likugwedezeka. Magalasi atsala awiri okha, ndipo abakhawa sakhalitsa. Tawasunthani pang'ono chabe.”

“Bambo,” ndinanong'ona, “mwachokera kutali ndipo ndimakulemekezani. Koma mukangowakhudza, bokosi lanuli likagona kwa apongozi anu aja, inu n'kulitsatira.”

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana nthungo, n'kuyang'ana wogonayo. Kenaka mapewa ake anayamba kugwedezeka, kuseka kopanda mawu. Analowa m'nsalu yake n'kukhalamo nthawi yaitali. Pambuyo pake anandiuza chimene ankachita: ankamvetsera mpweya wa amuna anga. Munthu wogona akatulutsa mpweya, pamakhala kanthawi asanakokenso wina, thupi lonse lili duu. Mlendoyo ankafuna kuwerenga katatu kake m'kanthawi kameneko. Galasi loyamba linapita pachabe, poti atangotsegula diso la bokosi amuna anga anakoka mkonono woyamba, bokosi n'kunjenjemera. Anaika lotsiriza. Ndinaona milomo yake ikuyenda pansi pa nsalu, kupemphera kapena kuwerenga, kaya. Mpweya unatuluka. Dzanja linatsegula, linadikira, linatseka.

Sitinanyamuke. Abakha anadzuka nthawi yawo itakwana, n'kuuluka magulumagulu kupita kodya. Mthunzi wa bango unatalika mpaka kukafika pamadzi. Udzudzu unatera pamkono panga, ndinauyang'ana ukumwa mpaka kukhuta, osaumenya, kuopa phokoso. Miyendo inachita dzanzi. Mlendo anavula jekete lake la mabatani owala n'kufunditsa amuna anga. Anadzuka okha mphepo ya madzulo itayamba, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati mwana wodzukira kwa eni.

“Mukadali pomwepo?”

“Ndipita kuti?”

“Takhuta,” anatero, kuthokoza kwa kwawo.

Galasi lotsiriza lija linatuluka. Mlendo anatisonyeza m'mawa mwake asananyamuke, atalilozetsa kudzuwa. Zoyera zinali zakuda, zakuda zoyera, koma abakha analipo onse pamzere wawo, palibe utsi, ndipo kumapeto kunali kadiso kamodzi kotsegula. Anapita akumwetulira, kabokosi kake kali pachifuwa. Sitinaonanenso.

Kunyumba ndinayala mphasa mosemphanitsa, iwo kukhoma, ine kukhomo, nthungo pambali panga. Musaganize kuti zinathera pomwepo. Usiku wachiwiri ndinamva adzuka, akufufuza chitseko. Koma ine ndinali nditagona chopingasa pakhomo penipeni, ndipo kwathu munthu wogona salumphidwa, makamaka mkazi amene sanabereke. Ndinawagwira kakolo.

“Malo ano ali ndi mwini wake. Mukandilumpha sindidzaona mwana, mudzayankha ndinu.”

Anaima, mwendo uli m'mwamba ngati kakowa uja. Kenaka anabwerera kukhoma. “Mukuona chiyani?” “Chitseko.” Sipanatenge nthawi, mkonono unayamba.

Amayi anadzatulukira nkhaniyi m'mawa wina pobwera kudzapala moto. Atakankha chitseko anagunda ine, nthungo ili m'manja. Anandikokera panja ndi khutu, ine mayi wapabanja.

“Iwe, wapenga? Mkazi kugona kukhomo! Unamva kuti? Ukufuna anthu azinena kuti mwamuna wamudyetsa mankhwala, wamuika m'botolo?”

“Anene zimenezo, amayi. Woikidwa m'botolo samwetsedwa mwabvi.”

Anandisiya khutu n'kupita ndi moto wawo akung'ung'udza. Koma madzulo anatumiza nsomba ziwiri, akuti za mkamwini.

Mwezi unafa. M'mawa mwake, dzuwa litakwera ndithu, ndinaona amalume akubwera okha ndi ndodo yawo. Ine ndinali pakhomo, ndikusankha thonje m'lichero. Ndinawayalira mphasa pakhonde n'kugwada.

“Ali kuti mwamuna wako?”

“Chonde amalume, pang'onopang'ono. Agona.”

Anatchera khutu. M'nyumbamo munkamveka ngati mwalowa mvuu. Mtima wanga unali m'mwamba, poti ndinkadziwa chimene anthu amanena, kuti wogona masana ndiye kuti anayenda usiku. Amalume anatulutsa kadete ka fodya, kununkhiza, kuyetsemula, kupukuta mphuno, zonsezo mosafulumira. Ndi mmene ndinaonera kuti maso awo anali ofiira, zikope zotupa.

“Mwana wa mlongo wanga,” anatero, “ine sindiweruza ndi makutu a anthu ena. Masiku asanu awa ndakhala ndikubisala kuseri kwa nkhokwe yanga usiku wonse, kuti ndimuone ndekha. Sindinaone munthu. Ndangomva mkonono umenewu, ndi udzudzu kundimaliza. Dzulo mkazi wina wandipeza pamenepo n'kukuwa. Tsopano amene akutchedwa mfiti pamudzi pano ndine.”

Ndinaluma nsalu kuti ndisaseke, koma misozi ndiyo inatuluka. Amalume anadzuka, n'kudzikunthakuntha kumbuyo.

“Akadzuka umuuze kuti thonje likumudikira. Koma usamudzutse.”

Ndinagona kukhomo nyengo ziwiri zathunthu za chisanu, diso limodzi lili kuchitseko, ndipo ndisakunamizeni, ndinkadandaula tsiku ndi tsiku, mphepo yolowa pansi pa chitseko si yocheza nayo. Chisanu chachitatu ndinali ndi pathupi. Madzulo ena ndikuchokera kudooko ndinapeza mphasa yayalidwa kale, nthungo ili mbali yawo.

“Lowani pakati,” anatero. “Mwalondera mokwana.”

Kuyambira pamenepo tinkalandizana. Amene watopa, amene wadwala, amene mtima wamulemera, ankapita kukhoma, winayo kukhomo, popanda kufunsana. Ana asanu anakulira pakati pathu, ndipo ankayesa kuti nyumba zonse amagona choncho. Tinakhala chotero mpaka tsitsi lathu kuyera ngati thonje lija.

Tsopano amuna anga anatisiya, papita nyengo zinayi za chisanu. Abakha akubwerabe, ndimawamva m'nkhungu akudutsa. Madzulo ndimayala mphasa n'kuima nayo kanthawi, osadziwa kuti ndigone mbali iti. Ndayesa kukhoma, ndayesa kukhomo, ndayesa pakati penipeni. Munthu ukatsala wekha pamphasa, mbali zonse ndi kumapeto.